Msana wa Mng'ono Wanga

Ndinakhala pabanja zaka zisanu ndi chimodzi ndisanaone mwana, ndiye mwana wanga wamkazi atabadwa sindinkafuna kuti munthu wina amugwire nthawi yaitali. Ngakhale apongozi anga akamunyamula, mtima unkangoti myuu mpaka amubweze. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwiretu mtundu wa munthu amene ndinali, musadzati matenda ndi amene anandisintha.

Masiku amenewo ndinkathyola tiyi pa esiteti ina ku Thyolo, amuna anga ankagwira ntchito ku fakitale, ndipo tinkakhala m'nyumba ya kampani. Wothyola tiyi amabereka dengu kumsana, malamba ali pamapewa, ndipo manja akadzaza masamba amaponya kumbuyo kudutsa paphewa. Kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, mkono umangokwera ndi kutsika. Mkono wanga wamanja ndi umene unayamba kukana. Ndikaponya kangapo unkachita dzanzi, chikhatho n'kuyera mbee, zala n'kuzizira ngati ndaziviika mumtsinje nthawi ya chiperoni. Ndikautsitsa unkabwerera pang'onopang'ono. Kenako kunsonga kwa chala chapakati kunatuluka kachilonda kakuda kosapola.

Anzanga a m'munda anati ndalodzedwa chifukwa dengu langa linkadzaza msanga, ndipo kunena zoona mawu amenewo anandikomera. Ndinakatemera mphini paphewa, osathandiza. Amene anaona vuto ndi bambo wina wachikulire wa ku kiliniki ya pa esiteti. Anagwira pamkono pamene magazi amagunda, n'kundiuza kuti ndikweze dzanja. Analitsitsa, n'kulikwezanso.

"Mayi, mukakweza chonchi magazi akusiya kuyenda. Izi si za panado. Ndikulemberani kalata mupite ku Blantyre."

Ku chipatala chachikulu anandijambula, ndipo adokotala anandionetsa chithunzi cha mafupa anga pawindo. Anati ndinabadwa ndi nthiti yowonjezera m'munsi mwa khosi, ndipo inkapana mtsempha waukulu wopititsa magazi kumkono. Mtsemphawo unali utatupa, timibulu ta magazi tinkachoka pamenepo n'kukatseka m'zala. Anafunika kundichita opaleshoni, kuchotsa nthitiyo ndi kukonza mtsempha. Ndikachedwa, anatero, ndiyamba kutaya zala, mwinanso mkono wonse.

Amayi anga, amene anandiperekeza, anagwira pakamwa. Ine ndinangofunsa za mwana. Anali ndi chaka ndi miyezi iwiri, akuyamwabe. Adokotala anati kuwodi kumene ndikagone mwana sangakhaleko, ndipo ndimuletse kuyamwa ndisanabwere.

Amayi anati iwo akhala gadiyani wanga kuchipatala, ndipo mwana asamalidwa ndi mng'ono wanga. Iyeyu ankakhala kwathu ku Masambanjati, ankagulitsa nthochi pamsewu. Banja lake linali litatha, analibe mwana, ndipo ndivomereze kuti ndinkamumvera chisoni cha mtundu uja umene munthu amamva kukoma nawo. Anafika ndi kachikwama kamodzi. Ndinamuuza zonse, phala likhale lotani, madzi osamba afunde bwanji, mpaka anaseka.

"Achemwali, mwanayu ndi munthu, si wailesi. Pitani mukachire."

M'mawa wa opaleshoni ndinachita mantha kwambiri. Nditatsitsimuka ndinapeza bandeji kuyambira m'khosi mpaka paphewa ndi kapaipi kotulutsa magazi. Amayi anagwira zala zanga n'kuyamba kulira, akuti zikutentha. Chilonda chinkapweteka, kutsokomola kunali nkhondo, koma chimene chinandiliza ine ndi mabere. Anadzaza mkaka n'kuuma gwa, ndipo amayi ankandikama m'kapu n'kukataya kusinki. Ndinagona kumeneko masabata atatu. Mafoni a m'manja anali asanafike kwa anthu ngati ife, ndiye nkhani za mwana ndinkamva Lamlungu amuna anga akabwera. Nthawi zonse ankati ali bwino, akudya, sakulira n'komwe. Iwo ankaona ngati akundisangalatsa.

Potuluka anandipatsa malamulo. Miyezi itatu osanyamula kanthu kolemera, ngakhale chidebe cha madzi. Kukweza mkono pang'onopang'ono, ndi kuyendetsa zala pakhoma tsiku lililonse. Kubereka mwana ndiye ayi ndithu, chifukwa chitenje chimadutsa pachilonda penipeni, ndipo mtsempha wosokedwa sufuna kupanikizidwa.

Nditafika pakhomo ndinapeza mwana ali kumsana kwa mng'ono wanga, atanenepa, tsitsi atamumanga timfundo. Ndinamuitana. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana bandeji, n'kubisa nkhope pakhosi pa mng'ono wangayo. Atamumasula kuti amuike pamiyendo panga, analira ngati amutsina. Aliyense anati azolowera, ana amatero. Ndinaseka nawo.

Kuyambira tsiku limenelo ntchito yanga inali kukhala pamkeka pakhonde, kuyendetsa zala pakhoma, ndi kuyang'ana msana wa mng'ono wanga. Ndinauloweza msana umenewo. Akamasesa mwana ali pomwepo, akamapita kumpopi mwana ali pomwepo, timiyendo tikulendewera, tulo tili tofa nato. Ankamuponya kumsana ndi dzanja limodzi, osayang'ana n'komwe, ngati wabereka ana khumi. Azimayi a nyumba zoyandikana ankati, "Koma muli ndi mwayi, mng'ono wanuyu ndi golide." Ndinkayankha kuti zoonadi, kwinaku ndikukukuta mano.

Ndinayamba kumupezera zifukwa. Phala lalimba. Phala lachita madzi. Wamumanga kwambiri, mwana apuma bwanji? Sopo akutha msanga. Iye ankangoti, "Chabwino achemwali," ndipo kufatsa kwakeko kunkandiwonjezera ukali. Ndinkafuna andiyankhe mwano kuti ndipeze pogwira. Nsanje ndinkaidziwa ya amuna, ija timaimbirana pamtondo, koma iyi inali ina, yochititsa manyazi, yosauzika munthu. Ungadandaule bwanji kuti m'bale wako akusamala bwino mwana wako?

Tsiku lina masana mwana anagwa pakhonde, pafupi ndi ine, moti ndikanatambasula dzanja lamanzere ndikanamugwira. Anadzuka, n'kundidutsa, n'kuthamangira kukhitchini akulira, "Amama! Amama!" Aka kanali koyamba kumumva akutchula mawu amenewa bwinobwino. Ndikudziwa kuti kwathu mng'ono wa mayi ndi mayi ndithu, palibe cholakwika mwana kumuitana choncho. Ndinkadziwa ngakhale tsiku limenelo. Koma ndinaimirira n'kupita kukhitchiniko.

"Iwe, wamuphunzitsa ndiwe eti?"

"Kumuphunzitsa chiyani achemwali?"

"Usandipusitse. Ukufuna mwana, kabereke wako. Mawa upakire uzipita, ndachira ine."

Mawu oti kabereke wako aja ndinawasankha dala, podziwa pamene alase, ine amene ndinawamvapo kwa alamu anga zaka zisanu ndi chimodzi. Anamupukuta mwana misozi, n'kumaliza kutsuka mbale. M'mawa anamusambitsa, anamudyetsa, anadikira agone, n'kunyamula kachikwama kake. Amuna anga anayesa kulankhula, ndinawauza kuti ngati akumufuna kwambiri amutsatire. Ananyamuka n'kupita ku fakitale.

Mwana atadzuka anayendayenda m'nyumba, anasuzumira kukhitchini, kubafa, kuseri kwa chitseko. Kenako anayamba kulira, ndipo analira masiku anayi. Phala ankalavula. Nthochi ankataya. Ankakoka chitenje pachingwe n'kundibweretsera, osati kuti ndimubereke ine, koma akuloza kumsewu. Tsiku lachiwiri ndinati zamalamulo zikhale, ndinagwada n'kumukokera kumsana ndi dzanja lamanzere. Nditangomanga chitenje ululu unandilasa kuchokera m'khosi mpaka m'zala, maso anachita mdima, ndinamumasula msangamsanga ndikuopa kuti ndang'amba za mkati. Tinakhala pansi tonse awiri, aliyense akulira zake. Pofika tsiku lachinayi mawu anali atamuthera, maso atalowa, akungomwa timadzi. Amuna anga anati, "Mayi, mwanayu tidzamutaya chifukwa cha mtima wanu." Sanakweze mawu.

Ndikanatha kutuma iwowo kwa mng'ono wanga, koma ndinadziwa kuti iye sangabwere. Ndinasiya mwana kwa mayi woyandikana nafe n'kukwera galimoto ya matola, dzanja lili pachifuwa, bampu iliyonse ndikuimva pachilonda. Ndinamupeza pamsewu pa Masambanjati atakhala kuseri kwa mikoko ya nthochi. Anandiona ndikutsika koma sanaimirire. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'njira, onse anathawa.

"Sakudya," ndinatero.

"Kuyambira liti?"

"Chichokere iwe."

Anayang'ana kumbali. Kenako anati, "Achemwali, ine mwana sindinabe. Munandipatsa nokha, ndipo ndinkadziwa kuti ndidzabweza. Zinazo simukanayenera kunena." Ndinati ndalakwa, andikhululukire. Sananene kuti wakhululuka. Anaitana mnzake kuti amugulitsire nthochi zotsalazo, n'kupita kukatenga kachikwama.

Tinafika dzuwa litapendeka. Mwana atamuona sanathamange, mphamvu analibe, anangokweza manja. Mng'ono wanga anamunyamula, analowa naye m'nyumba, ndipo ndinamva akupempha amuna anga kuti asonkhe moto wa phala. Ine ndinakhala pakhonde. Patapita kanthawi ndinamva supuni ikugunda mbale, kenako kamawu kosasa kaja kakuti, "Ina." Anamaliza mbale yonse.

Ndinathokoza Mulungu ndi mtima wanga wonse, chifukwa mwana wanga anadya. Kenako ndinapita kuseri kwa nyumba kukalira, chifukwa anadya m'manja mwa wina.