Bulauzi yanga si ya chikasu

Ndinene poyera, a ku Nkope nonse mumve: bulauzi yanga ya ku tchalitchi ndi yoyera. Imene ikuti ndi ya chikasu ndi kamera ya Che Amadu, ojambula zithunzi pa boma, ndipo kamerayo ndi yabodza.

Zinayamba mwezi watha. Ndikuchokera ku msonkhano wa amayi, ndinaima pakhonde la sitolo ina kudikira basi. Dzuwa linali litangolowa, magetsi akuyamba kuyaka. Ndinangoona bambo akuimika chitsulo cha miyendo itatu tsidya la msewu, n'kukhazikapo kamera, n'kuilozetsa cha ku nsanja ya wotchi, kufupi ndi mlatho.

Masiku ano mukuwadziwa. Munthu wolozetsa kamera mbali imene kuli mlatho, mawa lake sitifunsa kuti wagona kuti. Ndiye ndinati awa ndiwayang'anitsitse, kuti apolisi akabwera kudzafunsa ndidzanene ndi mtundu wa malaya omwe. Sindinaphethire. Udzudzu unandiluma pakhosi, ine osaupha.

Lachiwiri lapitali ndinapeza anthu ataunjikana pazenera la Che Amadu. Chithunzi chachikulu! Tauni yonse ili apo: nsanja, denga la mzikiti, thambo lofiirira, nyali za galimoto zitasanduka zingwe zofiira. Koma mumsewu mulibe munthu. Alipo mmodzi yekha pakhonde, maso tong'o, bulauzi ngati papaya lakupsa.

Ine.

"Che Amadu, anthu onse aja munawaika kuti?"

"Kukada kamera imatsegula diso nthawi yaitali, anganga. Woyenda amafufutika. Osagwedezeka munali awiri basi, wallahi, inu ndi nsanjayo."

"Nanga chikasuchi?"

Anati filimu yawo ndi ya padzuwa. Babu la pakhonde limawala chikasu, kungoti maso athu amatinyengerera kuti choyera n'choyerabe, pomwe filimu ilibe ulemu. Pamafunika kagalasi kabuluu kutsogolo kwa kamera, koma kawo kanasweka, kena akukadikira kuchokera ku Blantyre. Anawonjeza kuti ndithokoze, chifukwa magetsi ataliatali a m'golosale aja ndiye amasandutsa munthu wobiriwira.

Mwamva? Buluu! Yemweyu ndimamanga pakansanza potsukuluza zovala. Munthu wamkulu, wa ndevu zake, kuchapa tauni yonse popanda buluu n'kukaiyanika pazenera!

Musaseke. Nsalu za paguwa kwathu ndimachapa ndine kuyambira nthawi ya ansembe akale aja, ndipo amake Esinati ntchitoyi anayamba kalekale kuiponyera diso. Lachinayi, pamaso pa amayi onse, anandifumbatitsa kachidutswa ka sopo. "Achemwali, mukasowa muzinena, ndife amodzi." Pano ndamva kuti za nsaluzo amayi akambirana Pasaka asanafike.

Vuto lathu ndi lomweli. Anthu andiona ndi maso awo Lamulungu lililonse mpaka zidzukulu zanga zakwatiwa, koma kapepala kamodzi kapazenera kafafaniza zonsezo. Chinthu chikangopachikidwa kuseri kwa galasi, timagwada. Alipo amene anafunsako kuti munthuyu anaima pansi pa getsi lanji? Ine kale ndinkakayikira oyendetsa basi, ogulitsa usipa ndi akamwini anga. Sabata ino ndawonjezerapo mababu, ndi maso anga omwe.

Koma sindisunga mangawa. Sopoyo ndinalandira ndi manja awiri, ndipo nanenso ndawakonzera mphatso amake Esinati. Loweruka madzulo akajambulidwa ndi Che Amadu, atavala yunifolomu yonse, m'golosale muja, pansi penipeni pa getsi lalitali. Akondwa zedi, mpango asita kale. Ine ndikaima pambali kuonetsetsa kuti kagalasi kabuluu, ngati kafika, kakhale m'thumba, poti Che Amadu nawonso sindiwakhulupirira.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Zithunzi ziwirizo zikadzakhala pazenera limodzi, amayi a ku Nkope, nsalu za paguwa mudzapatsa ndani: papaya kapena bilimankhwe?