Tsitsi la Mlongo Wanga m'Bwato la Amalume

Kachitini kanali kofiira, ka fodya wa ku Joni, chivindikiro chopindika mbali imodzi. Kankakhala kumutu kwa bwato la amalume, kokulungidwa m'chiguduli. Zaka zonsezi sindinauzepo munthu, ngakhale amuna anga, kuti amene anaulula za m'kachitinimo ndine. Ndikulemba m'Chichewa cha ku koleji chifukwa m'Chitonga dzanja likukana.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, kwathu kufupi ndi Bandawe, Chitaganya chisanabwere. Bambo anali ku Halale, makalata atasiya kubwera. Panyumba tinali atatu: amayi, ine, ndi mlongo wanga wa zaka zinayi amene sankalankhula. Ukamuitana sankacheuka. Ukamuyang'ana m'maso, iye ankayang'ana khutu lako. Ena ankati ndi gonthi, koma belu la tchalitchi likalira ankatseka makutu n'kudzigwetsa, kukuwa mpaka mawu kusasa. Kondowole sankadya, zala zikamata ankazikutumula ngati zapsa. Amayi akapita kudambo kukavuula chinangwa, womubereka, womuthamangira, womuzula minga ndinali ine. Ndinkatopa naye. Izi ndizinene poyera, chifukwa zili m'kati mwa mlanduwu.

Amalume, asibweni m'chilankhulo chathu, anali ndi chilimira, ukonde waukulu wogwirira utaka. M'mawa wina mwera utakana kuti mabwato alowe, iwo ankasoka ukonde pamchenga. Mlongo wanga anandipulumuka n'kukakhala pa mulu wa miyala imene amamangirira kunsi kwa ukonde kuti uzimira. Anayamba kuindandalika, waung'ono kutsogolo, waukulu kumapeto. Ndinathamanga kuti ndikamukoke.

"Musiye, mama," anatero amalume. "Wapeza ntchito."

Kuyambira tsikulo ankamutcha kapitawo. "A kapitawo, lero mwatisankhira uti?" Iye sankayankha, koma ankakankha mwala umodzi ndi phazi, amalume n'kumanga womwewo. Sankamukakamiza kuwayang'ana. Ankakhala pambali pake, osati kutsogolo, akung'ung'udza nyimbo ya m'tchalitchi chapansipansi. Pamenepo pokha mwana uja sankakuwa, ndipo ine ndinayamba kufika kusukulu belu lisanalire.

Ndiye panali vuto la tsitsi. Kumumeta ndi lumo kunkafuna amayi atatu omugwira, ndipo ankachoka ndi mabala. Amalume anabwereka sizasi kwa telala n'kumadula pang'onopang'ono, kamtolo kamodzi patsiku, iye ali kalikiliki ndi miyala yake. Kwathu tsitsi silisiyidwa pansi, munthu wa mtima woipa angalitole. Choncho ankaliika m'kachitini kaja. "Likakwana lonse tikalikwirira pansi pa nthochi, amayi ako akuona." Anandiuza choncho. Ndinamva ndi makutu anga awiri.

Mwera utagwa, chilimira cha amalume chinayamba kubwera cholemera. Mathandala anadzaza, mudzi wonse kununkha utaka wouma, ntchentche mpaka m'kalasi. Maukonde a anthu ena ankabwera ndi tinsomba tokwana ndiwo basi. Kudambo manong'onong'o anayamba. Ukonde wanji wosabwerako wopanda kanthu? Bwanji mwana wosalankhula amakhala pa ukondewo tsiku lililonse? Amukhwimira, ankatero, mawu ake ali m'nyanja, ndiwo akuitana nsomba. Kusukulu atsikana ankandikuwiza: "Mlongo wa nyambo! Tigawireko utaka wa mlongo wako!"

Tsiku lina aphunzitsi, amene analinso mkulu wa mpingo, anandiuza kuti nditsale m'kalasi. Ndikukumbukira choko m'makwinya a zala zawo.

"Iwe mwana, usaope. Asibweni ako amatani naye mwana uja kunyanja?"

"Amamumeta."

"Tsitsilo amaika kuti?"

"M'bwato."

Ndinalekera pomwepo. Za nthochi sindinanene, ndipo sikuti ndinaiwala. Ndayesa zaka zambiri kudzinamiza kuti ndinkaopa chikoti, koma ayi. Ndinkafuna kuti papezeke wolakwa. Ndinkaganiza kuti ngati pali munthu amene anatenga mawu a mlongo wanga, akhoza kuwabweza, iye n'kukhala ngati alongo a anzanga, ine n'kuleka kutchedwa mlongo wa nyambo.

Akulu a mpingo anapita kunyanja m'mawa mwake, mabwato akungofika, n'kutsegula kachitini anthu onse akuona. Amalume anayamba ndi kuseka, akuwaitana kuti ada, monga timaitanira mwamuna mwaulemu kwathu. "Ada, tsitsi la mwana, mumafuna ndilitaye pamchenga?" Palibe anaseka nawo. Kenaka amalume anandipeza ndi maso pakati pa gulu. "Mama, tawauza akuluwa zimene ndinakuuza."

Ndinayang'ana zala za kumapazi kwanga.

Akulu a mpingo anawaletsa amalume kudya Mgonero. Anthu okoka nawo ukonde anachoka mmodzimmodzi. Amayi, misozi ili m'masaya, anauza mlongo wawo wa bere limodzi kuti, "Ada, mwana wanga musadzamukhudzenso." Mvula isanayambe amalume anapakira chilimira chawo n'kupalasa kupita ku Usisya.

Ine ndinayamba kudikira mawu. M'mawa uliwonse ndinkamugwira mapewa mlongo wanga kuti aitane amayi: "Nena kuti ama. Tanena!" Iye ankandipulumuka n'kuthamangira pamalo paja pamchenga, pamene panalibenso ukonde, n'kumazungulira akukupiza manja m'mwamba ngati nkhuku yonyowa. Amayi anayamba kumumangirira ndi nsalu ku mtengo wa mango akamapita kudambo. Anagunditsa chipumi pa mtengowo mpaka khungwa linasalala. Mango anapsa, mvula inabwera, chinangwa chinaphuka. Mawu sanabwere. Mpaka lero mlongo wanga, ali ndi ndevu, amakhala ndi amayi, sanatchulepo liwu. Amalume anamwalirira ku Usisya ndili ku koleji, osabwererako.

Ku koleji ya uphunzitsi, m'buku la kakulidwe ka ana munali theka la tsamba lonena za ana otere, pali chithunzi cha kamwana kachizungu. Ndinawerenga, ndinatseka bukulo. Ndinadziuza kuti zimenezo ndi za azungu.

Tsopano ndili ndi mwana wanga, zaka ziwiri ndi theka. Ndikamuitana sacheuka. Amatha m'mawa wonse akuzunguza chivindikiro cha poto. Amene amamukhazika mtima pansi ndi mlamu wanga, mng'ono wa amuna anga, amene wagula chigayo chaka chino. Amamunyamula n'kuima naye chapatali kuti aziona lamba akuzungulira. Mwezi watha ndinamva apongozi akuuza mnzawo kuseri kwa nkhokwe kuti, "Chigayo chimenechi chabwera bwanji, mwana n'kukhala duu?"

Ndinanama kuti ndikupita kusikelo. Ndinakwera mabasi awiri mpaka kuchipatala chachikulu. Dokotala anamuyang'ana nthawi yaitali, anandifunsa zambiri, kenaka anati zimenezi zili ndi dzina, otizimu. Anati ndi kabadwidwe, palibe amene anamuchita, ndipo ana otere alipo pakati pa akuda ndi azungu omwe. Jekeseni palibe, koma ndachita bwino kubwera akadali wamng'ono. Muzikhala pambali pake, anatero, muziyambira pa zimene iye amakonda, mawu ochepa, zinthu zomwezo tsiku lililonse. Ndinalira mpaka namwino anandipatsa madzi. Dokotala ankaganiza kuti ndikulira chifukwa cha mwana. Ine ndinkalira chifukwa zonse ankanenazo ndinaziona kale zikuchitika, kwa msodzi wosadziwa kulemba dzina lake.

Nditabwerako ndinagwada pamaso pa apongozi n'kuwauza zonse za dokotala. Sanakhulupirire. Ndiye ndinawauza za mlongo wanga, amene zaka zonse za ukwati ndinkangoti ndi wodwaladwala. Iwo anati, "Kani n'za kumtundu kwanu."

Za chigayo zinatha tsiku lomwelo. Mwana amapitabe ndi bambo ake aang'ono m'mawa uliwonse, palibe womuletsa. Koma amuna anga lero ndi tsiku lachinayi akudya kwa amayi awo, ndipo dzulo azakhali awo anabwera kudzafunsa, mwaulemu wake, kuti ankhoswe anga amakhala kuti masiku ano.

Kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi sikakanatha kumvetsa kuti chinthu chowawa chikhoza kuchitika popanda wochichita. Apongozi anga, ndi imvi zawo, sakumvetsabe. Angosintha wolakwa, tsopano ndine. Inu amene mwawerenga, makamaka amayi anzanga, tandiuzani. Ndikanakhala chete kuti banja likhale? Kapena ndinachita bwino?