Mmene Dona wa a Magalasi Analekera Kukwera Mtengo

Mumsewu umenewu mulibe zenera limene silinadutse m'manja mwa a Magalasi. Dzina lawo lenileni lilipo ndithu, koma linatha ngati sopo. Ngakhale akazi awo akapsa mtima amangoti, "Inu a Magalasi inu." Ntchito yawo ndi kudula ndi kumata magalasi, ndipo zala zawo zili ndi zipsera zambiri kuposa thabwa lodulirapo nyama. Ndi munthu wamfupi, wofatsa, woyenda mosamala ngati nthawi zonse wanyamula chinthu chosweka. Mowa samwa, fodya sasuta, mpira saonera. Anthu otere muziwaopa, chifukwa sakhala opanda kanthu kena kuseri. Ka a Magalasi kanali njoka.

Inabwera kalekale, iwo akadali ndi tsitsi. Kasitomala wina anawapempha kuti amupangire bokosi lagalasi lalitali ngati kabati ya zovala. Litatha, anabweretsa njoka yake kuti aone ngati ikhalamo bwino, n'kunena kuti abwera mawa ndi galimoto. Mawa lakelo silinafikebe mpaka lero.

Inali njoka yokongola, tisanamizane. Yobiriwira ngati tsamba lanthete la nthochi, mchira wofiirira, yaitali kuposa mwini wake, ngakhale kuti kupitirira a Magalasi msinkhu si nkhani yoti n'kuimbira m'manja. Inalibe ululu. Inali ya mtundu uja wodya makoswe ndipo wokhala m'mitengo, moti pansi inkatsika mwa apo ndi apo ngati bwana woyendera antchito. A Magalasi anaiikira nthambi ya gwafa yopingasa m'mwamba, masamba, ndi babu loipatsa kutentha. M'mawa uliwonse ankapopera masambawo madzi ndi kabotolo ka ku saluni, chifukwa dona ameneyu sankamwa m'mbale koma kunyambita timadontho. Dzina linachokera pomwepo: Dona.

Lamulo lalikulu linali limodzi, ndipo aliyense wa m'nyumbamo ankaliloweza ngati pemphero: khoswe wakunja ayi. Wakunja sudziwa chimene wadya, anthu amathira mankhwala paliponse. Choncho a Magalasi ankaweta okha makoswe oyera m'khola lawaya, kuwadyetsa bwino kuposa mmene ena amadyetsera alendo.

Akazi awo sankabisa mawu. "Ine mkazi mnzangayo sindimufuna," ankatero pamaso pa aliyense. "Anzanga amuna awo amawasiya chifukwa cha akazi a miyendo. Ine ndinalandidwa mwamuna ndi chingwe." M'chipinda cha kuseri chija sankapondamo, ndipo tsache linkathera pakhomo. A Magalasi ankangoseka. Mumtima ankanyadira kuti ali ndi mkazi wosadziwa kunama: chimene wadana nacho amachitchula dzina, masana, anthu akumva.

Amene ankaikonda njokayo, kapena kuti ankaoneka ngati akuikonda, anali alamu awo, mchimwene wa mayiwo, wokonza mawailesi amene wailesi ikalowa m'manja mwake imatuluka yodziwa kukhala chete. Iyeyu ankabwera Lamlungu lililonse nthawi ya chakudya, mwangozi, n'kukaima pagalasi. "Alamu, chilombo ichi ndi chuma. Anthu sadziwa chabe." A Magalasi akamva choncho ankamuwonjezera nyama.

Zaka zitapita maso a a Magalasi anachita ng'ala. Anayamba kudula galasi mopapasa, ndipo Dona ankangomuona ngati chinthu chobiriwira chili m'nkhungu. Mwana wawo wamkazi, amene amakhala mumzinda wina kutali, anawakakamiza kuti apite kwa iye akachitidwe opaleshoni, diso limodzi kaye kenako linalo. Zinali zoti akakhalako milungu ingapo. Tsiku lonyamuka sanalankhule za nyumba kapena za shopu. Anagwira alamu awo dzanja n'kulowa nawo kuseri.

"Madzi m'mawa. Babu lisazime. Kachitseko kam'mwamba muzikhoma, ameneyu amatsegula ndi mphuno. Ndipo khoswe..."

"Wakunja ayi. Alamu, mukundiyesa mwana? Pitani mukatsukitse masowo. Dona mumupeza atanenepa."

Tsopano pakona pa msewuwo pali golosale ya mayi wina wamasiye, wa masaya owala, amene alamuwo anali atamukonzera wailesi kambirimbiri osamulipiritsa, wailesiyo osachira. Mayiyu ankadandaula kuti makoswe amutha m'sitolo yake: matumba a shuga kuboola, sopo kudya, ngakhale makandulo. Alamu anaona kuti mwayi suposa apa. Ena amanyamula maluwa. Iwo ananyamula Dona m'chikwama cha pilo, n'kukamutsekera m'sitolomo kuti agone masiku awiri, akudziguguda pachifuwa kuti makoswe onse alemba m'madzi. Chimene sanafunse n'chakuti mayiyo anali atathiramo kale mankhwala sabata yomweyo. Dona anadya khoswe mmodzi woyenda modzandira. Anamupeza ali lambaa pamwamba pa makatoni, atafa.

Za zimenezi a Magalasi sanadziwe kanthu. Akaimba foni, akazi awo ankayankha mokoma zedi. "Ali bwino Dona. Akudya. Dzulo anafundula." Iwo ankadabwa pang'ono kuti mkazi mnzawo uja wasanduka liti Dona, koma ankati mwina kusowana kwafewetsa mitima.

Anabwerera atavala magalasi akuda, diso lachiwiri lili ndi bandeji. Asanakhale n'komwe pansi analunjika kuseri, koma mayi anaima pakhomo ngati mlonda wa ku banki.

"Adokotala aletsa. Fumbi."

"Fumbi lanji m'chipinda changa?"

"La makoswe anuwo. Mwana wanena pafoni, akuti mukalowa m'fumbi diso liphulika. Khalani pampando, achimwene akusamalira zonse."

Alamu anavomereza ndi mutu, pakamwa pali podzaza. Masiku amenewo ankabwera tsiku lililonse, osati Lamlungu lokha, koma nkhani ya chuma ija anali atasiya.

A Magalasi anamvera. Ankakhala pabalaza atatsamira khoma, ndipo khomalo ndi lomwelo la chipinda cha kuseri. Munthu amene wakhala zaka ndi ng'ala makutu ake amakula. M'mawa uliwonse ankamva chitseko chikutseguka pang'onopang'ono, mapazi a patapata akulowa, munthu akupuma mofulumira ngati wonyamula mtondo. Kenako zii. Kenako phu, chinthu chagwa pansi. Mawu onong'ona: "Kwera, iwe. Kwera, ndakupempha." Kenako phu kachiwiri.

Patapata ameneyo ankamudziwa. Anagula okha, kugulira akazi awo.

Tsiku limene namwino wa pafupi anawachotsa bandeji, a Magalasi anabwerera kunyumba akuwerenga zikwangwani zonse za mumsewu, ngakhale zimene sizinkawakhudza. Anaona kuti zenera la telala analimata mokhota, anachita manyazi. Anaona kuti nyumba yawo ndi yachikasu, pamene iwo ankaiyesa yoyera. Analowa mwakachetechete, magalasi akuda ali m'thumba, n'kukankha chitseko cha kuseri.

Akazi awo, amene kale sankapondamo m'chipindamo, anali chiimire pampando, atavala magolovesi otsukira mbale, nkhope atayang'anitsa kumbali. M'manja munali ndodo ya mopu, ndipo kunsonga kwa ndodoyo kunkalendewera kanjoka kofiirira, kakafupi, konga lamba wa thalauza wakale. Anakayala bwinobwino panthambi ya gwafa. Kanjokako kanaganiza pang'ono, kanaona kuti kumwamba si kwawo, n'kudzigwetsa. Phu. Kanakwawira pakona n'kubisa mutu pansi pa nyuzipepala.

"Mayi," anatero a Magalasi.

Mopu inagwa. Mayiwo anatsala pang'ono kuitsatira.

"Mwalowa bwanji? Fumbi..."

"Ameneyu ndani?"

Alamu anatulukira kuchokera kukhitchini akupukuta pakamwa. Munthu ameneyu, kunena chilungamo, mtima ali nawo. Anayang'ana m'bokosimo, n'kuyang'ana a Magalasi m'maso mwatsopanomo.

"Ndi Dona, alamu. Njoka zikakalamba zimasintha mtundu. Ndinamva pawailesi."

"Iti? Imene munakonza inu?"

"Komanso zimafupika. Ngakhale anthu amafupika. Onani inuyo."

"Kukwera mtengo nakonso zimaiwala?"

"Nyamakazi, alamu."

A Magalasi sanaseke. Anakhala pa kampando kawo kodyetsera njoka, manja pamaondo, akuyang'ana nthambi ija. Inali yosalala pakati pomwe Dona ankakonda kudzikulunga, ndipo aka kanali koyamba m'zaka zambiri kuti aione bwinobwino. Ulendo wonse wa ku chipatala, pa tebulo la opaleshoni, pa basi pobwera, ankangoganiza chinthu chimodzi: kuti akaonanso kubiriwira kuja.

Nkhani inatuluka pang'onopang'ono ngati mankhwala otsukira mano otsala pang'ono kutha: golosale, chikwama cha pilo, khoswe wodzandira. Kanjoka kofiirirako alamu anakatenga kwa munthu wosamalira maluwa amene anakapeza pansi pa malata. Anagwirizana awiriwo kuti poti bambo saona, sazindikira. Nzeru zonsezo, mitu iwiri, osakumbuka n'komwe chimene bamboyo anapitira ku chipatala.

"Munamukwirira pati?"

Alamu anayang'ana mlongo wawo.

"Ndikufunsa kuti ndikaoneko."

"Linali tsiku la galimoto ya zinyalala," anatero alamu, mawu ali pansi.

A Magalasi anagwedeza mutu ngati kasitomala wawauza muyeso wa zenera. Anatembenukira kwa akazi awo, amene anali akadali ndi magolovesi.

"Awa ndikuwadziwa. Awa akanagulitsa ngakhale mthunzi wanga kuti mayi a golosale awasekerere. Koma inu? Zaka zonsezi mwakhala mukunditukwanira njoka yanga pamaso, ine n'kumauza anthu kuti mkazi wanga sanama. Ndiye pafoni paja, 'Akudya. Anafundula.' Mpaka kufundula, mayi?"

"Adokotala anati musalire, musadandaule, diso lingawonongeke. Ndikanatani? Uyunso ndi mchimwene wanga, mimba imodzi." Misozi inayamba. "Mukudziwa mmene ndimaopera zinthuzi. M'mawa uliwonse ndakhala ndikunyamula chilombo ichi ndi manja angawa chifukwa cha inu."

"Mukanandiuza, ndikanalira ndi diso linalo."

Anadzuka, natenga kabotolo ka ku saluni, napopera masamba aja ngati kale, ngakhale panalibe woti anyambite. Kenako anatuluka kupita ku shopu.

Anthu a mumsewu ankadikira ndewu, ena mpaka anatulutsa mipando. Sanaione. A Magalasi sanathamangitse munthu, sanaswe mbale, ndipo kwa mayi a golosale amagulabe machesi n'kupereka moni. Mayi a golosalewo, pajatu, anakwatiwa ndi wogulitsa mankhwala a makoswe, ndipo wailesi yawo anaitaya.

Chimene a Magalasi anachita n'chakuti anapanga bokosi lina, lalifupi, lotambalala, lopanda nthambi. Anati kanjokako sikanalakwe, kanangobwerekedwa kudzanama. Anakaikira mphika wosweka wobisalamo ndi mbale ya madzi, n'kukapatsa dzina loti Alamu. Lamlungu, alamu enieni akakhala patebulo, pakuti kubwera sanasiye, mawu amamveka kuchokera kuseri, ofatsa, osakweza: "Idyani, Alamu. Inu ntchito yanu ndi imeneyi, kudya ndi kugona pansi." Patebulo supuni zimayenda mwaulemu kwambiri.

Bokosi lalitali lija likadali pomwepo, lopukutidwa, babu likuyaka. Ena awauzapo kuti afunefune njoka ina yobiriwira, iwo amati aona. Pachitseko cha chipindacho pali loko watsopano, ndipo kiyi amayenda naye pakhosi, ngakhale posamba.

Akazi awo ayesa njira zonse. Anawaphikira zimene amakonda, anawasokera makatani a ku shopu. Tsiku lina anafika poima pakhomo la kuseri n'kufunsa ngati angathandize kupopera masamba. A Magalasi anathokoza mwaulemu, ngati akuthokoza mlendo, n'kukhoma loko. Chimene chimawapweteka mayiwo n'chaching'ono. Kale akanena kuti kunja kukugwa mvula, bambo ankangotenga ambulera. Masiku ano amayamba apita pazenera.