Diresi Loyera ndi Jekete Yakuda

Kwathu ndi ku Dowa, koma ntchito yoyeza mvula ndi mphepo inandibweretsa ku Mzimba mwana wathu wamkazi ali ndi zaka zinayi. Iye wakulira konkuno. Chitumbuka amachilankhula ngati mwini wake, ndipo ine amanditchula kuti adada. Ine ndimachimva mwa apo ndi apo. Mawu amene ndinawagwira ndi a kumsika ndi a kuntchito, komanso limodzi limene anzanga ankamuseka nalo mnzathu wina atakwatira: watola. Kwathu munthu amatola chimene chagwa pansi. Kuno mwamuna amatola mkazi.

Chaka chimene ndikunenachi mwanayo anali atakhoza mayeso a Fomu 4, ndipo anali atapeza malo kusukulu ya uphunzitsi. Ankayenera kupita mwezi wotsatira. Sutikesi tinali titagula kale. Mayi ake anali ku Dowa kukadwazika mchemwali wawo, choncho pakhomo tinatsala awiri.

Lachitatu lina ndinabwerera kunyumba masana kudzatenga magalasi amene ndinaiwala. Mwanayo ankatsuka mbale kuseri, foni ataiika pazenera. Ndinamva mawu a mwamuna akutuluka m'fonimo: "Nizamukutola pa Chisulo, nayini koloko. Diresi lija usaiwale." Iye anaseka, n'kuuyambitsanso uthengawo. Ndinaumva kawiri konse. Chisulo ndi Loweruka, zimenezo ndinkazidziwa.

Ndinatenga magalasi n'kutuluka osadzionetsa. M'mawa mwake, iye atapita kumsika, ndinalowa m'chipinda chake. Sindinyadira zimenezi. Diresilo ndinalipeza m'sutikesi ya kusukulu ija, litapindidwa bwino: loyera, lalitali, lokhala ndi kansalu kopyapyala kokoka pansi.

Zinthu zotere ndinali nditazionapo. Mwana wamkazi wa mnzathu woyandikana naye nyumba anapita kuchigayo tsiku lina osabwerako. Tsiku lachitatu kunabwera munthu wachilendo, ananjuta chapatali kumapeto kwa bwalo, n'kunena kuti mwana asamufunefune, ali ku Manyamula. Kenako inayamba nkhani ya ng'ombe za malowolo. Za sukulu palibe anazitchulanso.

Ndinaimbira foni mayi ake.

"Mufunseni," anatero.

"Ndikamufunsa akana, kenako asintha tsiku."

"Abambo, ameneyo ndi mwana wanu, si wakuba."

"Simunalione diresilo."

"Inunso simunayenera kuliona," anatero, n'kudula chifukwa wodwala ankawaitana.

Lachisanu tikudya, mwanayo ananena yekha kuti mawa kuli msonkhano wa anthu okonda makatuni, paholo ya malo ena ogona alendo cha kumapeto kwa tauni, ndipo akufuna kupitako. Ndinkadziwa kuti amakonda kuonera timakanema tojambula pamanja, ta nthano za ana a mafumu ndi nyama zolankhula. Koma kuti anthu akuluakulu angasiye ntchito zawo n'kukachita msonkhano wa zimenezo, ndinaona kuti ndi bodza losakonza bwino.

"Makatuni a ana aja?"

"Si a ana okha, adada."

Ndinatsokomola. "Uli kuti?"

Anabwereza malowo.

"Chabwino."

Loweruka nayini koloko njinga yamoto inaima pamsewu. Woyendetsayo sanavule chipewa chake cholimba, choncho nkhope sindinaione. Mwanayo anatuluka ndi chikwama chotupa, anatsanzika, n'kukwera. Ine ndinavala jekete yakuda ya kutchalitchi ndi chipewa, poti ndinkaganiza kuti mwina ndikakumana ndi akuluakulu a kuchimuna, ndipo sindinkafuna kuti andione wachabechabe. Ndinatenganso ambulera. Munali mu Novembala, ndipo kum'mawa mitambo inali itayamba kuunjikana.

Ndinkayembekezera kupeza holo yotseka. Ndinapeza njinga zakapalasa zitatsamira khoma, jenereta ikulira kuseri, ndipo pakhomo panali mayi wovala mapiko a waya ndi neti ya udzudzu. Nditamuyang'anitsitsa ndinamuzindikira. Anali namwino amene anandiyeza kuthamanga kwa magazi miyezi iwiri yapitayo.

"Mwabwera ndi gulu liti, adada? La ku Champhira?"

"Ndabwera ndekha."

Anandiyang'ana kuyambira chipewa mpaka nsapato, maso ake anaima pa ambulera, n'kumwetulira. Analemba nambala 14 pakapepala n'kukamata pajekete yanga ndi pini. Ndinayesa ndi chiphaso cholowera.

M'katimo anthu anali atadzaza kupitirira theka la holo, ndipo ana anali ochepa. Wapolisi wina wa pamsewu, amene anandiimitsapo chifukwa cha nyali ya njinga, anali atavala chisoti chachifumu chodulidwa pakatoni ya mabisiketi. Aphunzitsi atatu a ku Manyamula anabwera ndi chinjoka cha masaka a feteleza, mutu wake utaphwanyika mbali imodzi chifukwa anagwa nacho panjira, ndipo ankaukonza ndi ulusi wosokera matumba. Pathebulo lina achinyamata ankakoperana makanema pamafulashi. Pena mtsikana ankajambula nkhope za anthu ndi pensulo, n'kumawapatsa maso aakulu ngati a kadzidzi. Amuna awiri a msinkhu wanga ankakangana kuti makatuni akale ojambula pamanja ndi abwino kuposa a pakompyuta, wina m'Chitumbuka, wina m'Chichewa, onse mitsempha itatuluka m'khosi.

Zonsezi sizinandikhazike mtima pansi. Ndinaganiza kuti chipwirikiti chotere ndi malo abwino ozemberapo munthu. Ndinaona kuti holoyo ili ndi zitseko ziwiri, ndipo ndinakaima kuseri kwa mzati pamene ndikanatha kuziona zonse. Ndinafufuza ngati pali m'busa kapena amuna achikulire okhala paokha. Panalibe.

Mwana wanga ndinamuona kutsogolo. Anali atavala diresi lija, koma tsopano m'mapewa ndi m'munsi mwake anali atamata thonje lambirimbiri. Pambali pake panali mnyamata wamtali, wowonda, amene ankalumikiza mawaya a makina oonetsera kanema. Nsapato zake ndinazizindikira, zinali za woyendetsa njinga uja. Nthawi zonse akawerama kuti alankhule naye, ine ndinkasuzumira.

Anatseka makatani n'kuonetsa kanema pansalu yoyera. Inali nthano ya mtsikana wosoka mitambo, amene ankafuna kutuluka mumzinda kuti akasokere mvula anthu a kuchigwa. Mitamboyo anaijambula molakwika. Yopyapyala ngati nthenga ija sigwetsa mvula, koma palibe anadandaula. M'nthanomo munalinso mlonda wa zipata, munthu wosaseka, wa jekete yakuda, chipewa ndi ambulera, amene ankamutsatira mtsikanayo paliponse n'kumasuzumira kuseri kwa mizati.

Apa anthu anayamba kucheuka. Wina ankandiyang'ana, n'kugunyuza mnzake, nayenso n'kucheuka. Ndinaganiza kuti onsewa akuidziwa nkhaniyo, ndipo akuuzana kuti bambo wa mtsikana uja wafika. Ndinagwira ambulera mwamphamvu n'kubisala bwino.

Kanema atatha unayamba mpikisano woika mawu. Ankazimitsa mawu a kanemayo, anthu awiriawiri n'kumalankhula m'malo mwa zithunzizo. Wapolisi uja ndi mkazi wake anasandutsa nkhani yonse kukhala ya minibasi yodzaza mopitirira. Kenako anaitana mwana wanga ndi mnyamata uja. Mwanayo ankalankhulira mtsikana wosoka mitambo m'Chichewa, mnyamatayo ankalankhulira mbalame ya mtsikanayo m'Chitumbuka. Mawu amene anatuluka m'kamwa mwa mwana wanga sindinawamvepo kunyumba. Anali okwera, achipongwe, osachita manyazi. Anthu ankagwira m'mimba.

Mlonda wa zipata ataoneka pansalupo, mwanayo anatembenukira kumbali, n'kukhwimitsa khosi. Anatsokomola kaye.

"Uli kuti?" anatero ndi mawu aakulu. Anadikira pang'ono. "Chabwino."

Holo yonse inafa nacho chikhakhali. Iwo ankaseka mlonda. Chitsokomolocho ine ndinachidziwa mwini wake. Iye anali asanandione.

Chomaliza chisanafike chakudya chinali chionetsero cha zovala. Woyendetsa mwambo, mayi wamfupi wa mawu ngati belu, ankaitana manambala, munthu n'kuyenda kutsogolo, anthu n'kuomba m'manja. Chinjoka chinadutsa chikutsimphina. Mwana wanga anadutsa, thonje likuyoyoka m'mbuyo mwake.

"Nambala fotini."

Palibe anatuluka.

"Fotini. Adada a kuseri kwa mzati, ndapota, musabisalenso. Takuonani kalekale."

Ndisanamvetse, manja a anthu anali atandikankhira kale pakati. Ndinayenda chifukwa kubwerera kunali kovuta kuposa kupitirira.

"Taonani katswiri," anatero mayiyo. "Chilowereni m'mawa sanasekepo ngakhale kamodzi. Ena inu mwangovala, awa alowa m'thupi mwenimweni mwa mlonda. Adada, ambulera imeneyi mwaipeza kuti?"

Anandiika chimkuzamawu pakamwa.

"Ndi yanga."

Anthu anaseka.

"Nanga jekete?"

"Ya kutchalitchi."

Anaomba m'manja mpaka ena anaimirira. Wapolisi uja anandichitira sawasha, chisoti chake cha katoni chitapendekera. Ndinakhala wachiwiri, pambuyo pa chinjoka, ndipo anandipatsa kapu yokhala ndi chithunzi cha nyumba yachifumu. Ndikuilandira ndinayang'ana mwana wanga. Anali ataphimba kukamwa ndi manja onse awiri, ndipo sankaseka.

Anandipeza panja, pansi pa mtengo wa bulugamu. Mnyamata uja anabwera pambuyo pake, anapinda mawondo pang'ono, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja.

"Monile, adada. Yewo chomene pobwera. Sitinadziwe kuti nanunso mumazikonda."

Ndinamuyankha moni. Mwana wanga anamuuza kanthu m'Chitumbuka, iye n'kubwerera m'holo.

"Mwanditsatira," anatero.

"Ndinamva uthenga pafoni yako."

"Uti?"

"Woti adzakutola pa Chisulo."

Anandiyang'ana kanthawi, kenako kuseka kunamutulukira m'mphuno. "Adada, kutola ndi kutenga basi. Thumba la chimanga amatola. Wokwera njinga amamutola pasiteji. Zaka khumi ndi zisanu muli kuno."

"Mnzanga wa kuntchito uja anatola mkazi."

"Mbwenu aliyense wonyamulidwa pa kabaza ndi mkwatibwi?"

"Panalinso za diresi."

"Ndi la mtsikana wa mitambo. Mwaona nokha."

"Thonjelo panalibe Lachinayi."

Ndinazindikira mochedwa chimene ndanena. Kuseka kunatha. Anayang'ana diresi lake, kenako ine.

"Munatsegula sutikesi yanga."

Sindinakane.

"Munaganiza kuti ndingasiye sukulu, ndithawe osakuuzani, amama kulibe."

"Bwanji unalibisa?"

"Mukanati ndi zachibwana. Mukanati munthu wopita kukaphunzira uphunzitsi asamasoke mitambo."

Ndikanaterodi. M'holomo wina ankayesa chimkuzamawu, ndipo fungo la tchipisi linkachokera kukhomo.

"Kwatsala kanema mmodzi, kenako tisese," anatero osandiyang'ana. "Mukati tizipita, ndikavula tizipita."

Mtima wanga unkafuna kuti tizipita. Mnyamatayo ndinali nditamuona mmene ankamuyang'anira mwana wanga poika mawu paja, ndipo pa zimenezo sindinafunike womasulira. Koma ndinaonanso kuti ndikamutenga tsopano, kusukuluko adzapita ndithu, koma sadzandiuzanso kanthu.

"Ufika nthawi yanji?"

"Faifi."

Ndinachotsa kapepala ka nambala pajekete, n'kubwerera kunyumba wapansi.

Kuyambira folo koloko ndinakhala pakhonde. Ndinayesa kuwerenga nyuzipepala yakale, koma ndinkangobwereza ndime imodzi. Kutatsala mphindi khumi kuti ikwane faifi ndinamva njinga yamoto ikubwera. Inaima kuseri kwa mpanda, injini inazima, ndipo panapita nthawi osamveka kanthu. Ndinaimirira, ndinakhalanso pansi. Njinga italiranso n'kumapita, chitseko cha mpanda chinatseguka.

Anali atavala zovala zake za masiku onse, tinthu ta thonje titatsalira m'tsitsi. Anaika kapu ija pampando.

"Munaisiya pansi pa mtengo."

"Njinga inaima nthawi yayitali."

"Inde." Anakhala pamasitepe, chikwama pamiyendo. "Amafunsa ngati angabwere kudzakuonani ndi amalume ake. Akuti poti mwamuona kale, kubisala kulibenso ntchito."

Ndinadikira.

"Ndamuuza kuti adikire ndimalize sukulu."

"Ndi zaka ziwiri."

"Ndamuuza zimenezo."

"Iye wati chiyani?"

"Wati makina oonetsera kanema aja anawasungira ndalama zaka zitatu, ziwiri si kanthu." Anachotsa thonje m'tsitsi n'kuliyang'ana. "Izi ndakuuzani ndekha, adada. Simunachite kuzipeza m'sutikesi."

Ndinavomera ndi mutu. Ndinamufunsa kumene mnyamatayo amachokera, ndipo anati ku Edingeni, amakonza mafoni ndi mawailesi kuno kutauni. Ndinafunsa dzina la mudzi wake ndi la bambo ake. Anandiyang'ana kaye, kenako anandiuza onse awiri, pang'onopang'ono, kuti ndisalakwitse.

Kuntchito kwathu kunali mlonda wina wa ku Edingeni komweko. Lolemba m'mawa ndinamupatsa moni wautali kuposa masiku onse, n'kuyamba kumufunsa za mvula ya kwawo.