Mtsuko wa Kachasu Kuseri kwa Nyumba Yanga

Ndiyambe ndi kuyamika Mwini moyo, amene anandisunga m'chaka chimene ndinatsala pang'ono kudulidwa mu mpingo chifukwa cha madzi.

Mjigo wa m'mudzi mwathu, kufupi ndi Kasinje, umatulutsa madzi amchere. Sopo sachita thovu, nyemba zimagona pamoto osapsa. Alamu anga, amene anagwirako ntchito kunyanja ku Mozambiki, anandiuza kuti azungu amachotsa mchere m'madzi polumikiza makina awiri, ena okoka, ena okankha, kuti magetsi asathe ambiri.

"Nanga ife opanda magetsi?" ndinafunsa.

"Mulamu, nthunzi ilibe mchere. Pezani chogwirira nthunzi basi."

M'mudzi monse chogwirira nthunzi chinali chimodzi: mtsuko ndi paipi ya mayi wina wotcheza kachasu. Ndinapemphera masiku awiri, kenaka ndinakabwereka. Nanenso ndinalumikiza makina awiri: kusefa pansalu, kenaka kutcheza. Ndinkati Mose anaponya mtengo m'madzi owawa nakhala okoma, ine ndiuponya pansi pa mtsuko.

Tsiku loyamba ndinatentha mitolo iwiri ya nkhuni, ndinathira ndowa zitatu poziziritsa paipi, ndipo madontho anadzaza botolo limodzi. Ndinaimba nyimbo yotamanda.

Tsiku lachitatu zidakwa zinafika, zitaona utsi.

"Amayi a mpingo, mwalapa tsopano! Tipatseniko mutu wake, woyamba kutsika uja."

"Ndi madzi awa, bambo inu."

"Eya, tonse timatero akabwera apolisi."

Mmodzi analawa, nagwedeza mutu, nati sanamwepo wosalala chotero. Anapita kwawo akudzandira.

Mbiri yoti ndikutcheza kachasu inafika kutchalitchi, ndipo Loweruka kunabwera mkulu wa mpingo, bambo wofatsa wolima mpunga. Anati ngati nkhaniyo ndi yoona, mawa lake ndisayandikire Mgonero. Mtima wanga unagwa, pakuti chibatizidwire sindinauphonyepo.

Ananunkhiza botolo. Analawa. Analawanso.

"Mayi, awa ndi madzi ndithu. Koma nkhuni zonsezi mumatola kuti?"

"Kuphiri, abambo."

"Chapati?"

"Pafupi ndi kasupe paja."

"Madzi a kasupeyo ndi amchere?"

"Ayi, ndi okoma. Ndimamwa pomwepo ndisanasenze mtolo."

Anandiyang'ana. Inenso ndinadzimva zimene ndinanena. Maulendo awiri a kuphiri ankandipatsa botolo limodzi, pamene mutu womwewu ukanatsika ndi ndowa ziwiri zodzaza.

"Tchimo sindikulipeza," anatero akudzuka. "Bwerani ku Mgonero. Koma mtsukowo mubweze lero, masana, anthu akuona."

Ndinausenza ndikudutsa pakati pa mudzi, zidakwa zikundiperekeza mwachisoni ngati pamaliro. Mawa lake ndinalandira chikho ndi manja onunkha utsi.

Inu owerenga, Ambuye akudalitseni. Akupatseni madzi okoma pafupi ndi khomo, ndipo akakhala kutali, akutseguleni maso musanasenze nkhuni.