Ndinayesa Julaye Amazizira Kulikonse

Inu owerenga, ine ndi munthu wosakonda kugonja, ndipo khalidwe limeneli linangotsala pang'ono kundiphera mkazi.

Ndimalima mtedza ndi fodya ku Kapichila. Titakwanitsa zaka makumi awiri ndi zisanu m'banja, ndinalonjeza mkazi wanga, NyaZimba, kuti tidzapita kukaona mapiri a mchenga amene ankawasirira pa foni. Malo analipo awiri, Namibia ndi Dubai. Iye anafuna Namibia, poti kumeneko mchenga umakathera kunyanja. Ine ndinafuna Dubai. Chifukwa chake musandiseke: anzanga a pamsika wa Lundazi okaoda mafoni amatchula Dubai ngati kwa amalume awo, ndipo ndinatopa n'kumangomvetsera.

Ndinasankha Julaye, pomwe ntchito ya kumunda imakhala itapepuka. Mayi wogulitsa matikiti anandichenjeza kuti mwezi umenewo ku Dubai kumakhala ng'anjo, pomwe ku Namibia nyengo imayendera limodzi ndi yathu. Ndinaseka. Julaye yemweyu, amene kwathu timaothera moto m'mawa? Ndinagula matikiti a ku Dubai, ndipo tinalongeza ndi majuzi omwe.

NyaZimba amadwala matenda othamanga magazi, ndipo ndinkadziwa bwino. Galimoto itatitsitsa m'chipululu, mpweya unali ngati wa m'balani ya fodya.

"Awiske Temwa, mutu ubaba, tiyeni tibwelele ku motoka," anatero NyaZimba, akundiitana ndi dzina la mwana wathu, mutu ukumuwawa.

Ine ndinati tikwere kaye phiri limodzi, tijambulitse. Sitinafike pamwamba. Anagwa chafufumimba, ndipo nditamutembenuza sanandiyankhe. Ndinalira ngati mwana pamaso pa anthu achilendo. Anagona m'chipatala masiku atatu, ndipo dokotala sanandibisire kuti tikanachedwa pang'ono, ndikanabwerera ndekha.

Titafika kumudzi, alongo ake anabwera atakwiya kudzafunsa amene anasankha ulendowo. Ndisanatsegule pakamwa, NyaZimba anati, "Ndine ninakakamiza." Ine ndinangowerama. Mpaka lero abale ake amamutcha wamakani, ndipo zimenezi zimandiwawa kuposa zonse.

Sindikuti musayende, ayi. Mchenga uja ndi wokongola ndithu. Koma funsani nyengo ya kumene mukupita, chifukwa kalendala ya kumunda kwanu siilamula dziko lonse. Yang'anani thanzi la amene mukupita naye, osati maso a anzanu a pamsika. Ndipo akati tibwerere, bwererani pomwepo. Ine mawa ndikupita kwa alamu anga kukawauza zoona, pakuti mkazi wanga wasenza mlandu wanga mokwanira.