Chitedze cha Kumunsi kwa Munda wa Amayi

Telefoni ya amalume inali yong'aluka pakona, yomangidwa ndi mphira kuti chivindikiro chisagwe. Ndi imene tinajambulira vidiyo chaka chimene ndinali mu oitava, kalasi yachisanu ndi chitatu, ku Tsangano, ndikukhala kwa amalumewo chifukwa kwathu kunali kutali ndi shikola.

Aporofesolo, aphunzitsi athu, anatigawa m'magulu. Anati gulu lililonse lisankhe nyimbo yokhala ndi vidiyo, liijambulenso mwa ilo lokha kuti tiphunzire kugwirira ntchito limodzi, ndipo makolo adzabwera kudzaonera. M'gulu lathu munali mnyamata wa ku sidade ya Tete, mzinda waukulu uja, amene bambo ake anali atangosamutsidwira kuno, msuweni wake, mnyamata wina wakumudzi amene ankajambula, ndi ine. Wa ku Teteyo anadziika yekha kukhala mtsogoleri. Ine ndinkavomera chilichonse, bola andiwerengere.

Nyimboyo inali ya woimba wolemera wobwerera kumudzi. Panafunika munda, ndipo ndinapereka wa amayi. Inali nyengo yozizira, yong'amba milomo, amayi akukumba kachewere. Atationa anasiya khasu, nabweretsa madzi m'chikho, nagwada monga amachitira kwa mlendo aliyense, ngakhale wamng'ono. Mtsogoleri analanda telefoni n'kujambula.

Lolemba anali atakopera kale zithunzizo pa kompyuta ya bambo ake. Ankaonetsa anzake zidendene za amayi zong'ambika, chithunzi chikuyenda pang'onopang'ono, n'kumati ameneyu ndi wantchito wa woimba. Ndinamupempha motsitsa mawu kuti achotse. Anandiyankha kuti, "Iwe, pokoma pake ndi pomwepa."

Sindinauze munthu. Ndinkangomuyang'ana pakhosi m'kalasi.

Loweruka tinabwereranso kukamaliza. Mtsogoleri ankafuna malo a zitsamba zolendewera, ofanana ndi a m'vidiyo yeniyeni. Ndinati ndikuwadziwa. Ndinawatengera kumtsinje, kumunsi kwa munda, kumene chitedze chinali chitakhwima, makoko ake aubweya akuwala padzuwa ngati golide. Mwana aliyense wa kwathu amachilambalala asanadziwe n'kuwerenga komwe. Wa ku Teteyo anavula juzi, nafunsa ngati pamenepo pakuoneka bwino. Ndinati pakuoneka bwino kwambiri. Wojambula uja anandiyang'ana kamodzi, nakweza telefoni.

Mtsogoleri anakokera mpesa wonse wa chitedze paphewa n'kuyamba kuvina. Sanafike pakati pa nyimbo. Anadzikanda, analumpha, anagubuduka pamchenga akuitana mayi ake m'Chipwitikizi. Amayi anathamanga kuchokera kumunda, namupaka matope msana wonse, akumutcha mwana wanga. Ine ndinaima patali. Kunena zoona, mpaka lero ndikakumbukira kulumpha kuja mtima wanga umakhala pansi.

Tsiku la makolo vidiyo yathu inaonetsedwa pakhoma, amayi ali m'kati, atagwada. Ena anaseka. Kenako aporofesolo anafunsa ngati gulu lililonse lili ndi zimene zinavuta pojambula, kuti anzathu aphunzirepo. Aka kanali koyamba kukweza dzanja chaka chonsecho. Ndinapereka telefoni, mmene munali vidiyo ya pachitedze ija.

Chipinda chinagwedezeka. Azibambo ankapukuta misozi, ana ankatsanzira kulumpha kwa mtsogoleri pakhomo. Palibe amene anakumbukiranso za zidendene za amayi. Mtsogoleriyo anakhala chowerama pafupi ndi bambo ake.

Ndinaperekeza amayi mpaka pamphambano ndikudikira kuti andiyamikire. Anayenda mpango utawaphimba pakamwa chifukwa cha mphepo. Polekana anandifunsa ngati ndinkadziwa chimene chinali pa mpesa uja. Ndinati inde, ndipo ndinawakumbutsa zimene mnyamatayo anawachita.

"Ine ndinagwadira mlendo, palibe chamanyazi pamenepo," anatero. "Koma mwana wa eni ake walirira m'munda mwanga, mudzi wonse waona."

Anapita osatembenuka. Ndinaima pamenepo nditakwiya, ndikudabwa kuti munthu amene ndamuchotsera manyazi angapite bwanji kwawo ali wamanyazi kuposa mmene anabwerera.